Mwaye wa mu Galimoto ya Achifatse

Dzina lawo lenileni lili pa laisensi, koma mukalitchula m'tauni muno anthu angokuyang'anani. Nenani kuti mukufuna Achifatse, ndipo ngakhale mayi wogulitsa tomato pakona akulozerani: "Aja oyendetsa galimoto ya maliro? Nyumba ya chitseko chobiriwira ija, imene pakhonde pake pamalira makina osokera."

Dzinali analipata ali mnyamata, pamene ankayendetsa minibasi. Ntchito imene ija inawakana poyera. Anzawo ankapita n'kubwera, kupitanso n'kubweranso, iwo adakali pa ulendo woyamba. Okwera ankadandaula kuti bola akanayenda pansi, kondakitala ankachita kuliza mkonono, ndipo wina akakuwa kuti "Adalaivala, tachedwatu!" iwo ankangoyankha osatembenuka n'komwe, "Kuthamanga sikufika, achimwene." Mwini minibasi anapirira mpaka anatopa, kenako anawapempha mwaulemu kuti akayese kwina.

Kwinako kunali ku famu ya nkhuku, kumene ankanyamula mazira kupita nawo m'masitolo. Apa ndiye anapeza kwawo. Zaka zonse zimene anagwira kumeneko silinasweke dzira ngakhale limodzi. Amatero eni ake, ndipo wofuna kutsutsa abwere ndi dziralo. Famu itatsekedwa, mwini kampani ina yaing'ono yonyamula maliro anawaitana yekha. Anali atawaonapo tsiku lina akutsitsa galimoto m'dzenje la pamsewu ngati mayi akugoneka khanda.

"Madala," anatero bwanayo, "bwerani kwa ine. Okwera anga sadandaula za kuchedwa."

Galimoto imene anawapatsa inali yaitali, yakuda, yakalekale, ya petulo, yokhala ndi makatani oyera m'mawindo a kumbuyo. Achifatse anaikonda tsiku lomwelo. M'mawa uliwonse ankailiza n'kuisiya ikung'ung'udza pabwalo la kampani kuti, mwa kunena kwawo, magazi ayende, uku iwo akuitsuka ndi kuipukuta mpaka munthu ankatha kupesa tsitsi poyang'ana pa boneti. Ikatuluka pageti, ulendo wake unali womwewo nthawi zonse: ku chipatala, ku nyumba ya siwa, ku tchalitchi, ku manda. Malo onsewa ndi oyandikana. Giya yoyamba, giya yachiwiri, anthu akuyenda pansi pambuyo ndi nyimbo, basi. Magiya enawo ankangowaona pa chithunzi cha pamutu wa ndodo.

Analinso ndi khalidwe lina limene ankanyadira nalo. Tsiku lina kale anamva dalaivala wa kampani ina akuliza galimoto pakati pa pemphero, sitata ili khwe-khwe-khwe, abusa mpaka kuiwala pamene anali. Achifatse zinawanyansa kwambiri. Kuyambira pamenepo ankaliza injini anthu asanasonkhane, n'kuisiya ikulira chapansipansi mpaka mwambo wonse utatha. Koma inu mukuwadziwa olankhula pamaliro. Munthu akaimirira n'kunena kuti "Ine ndili ndi mawu awiri okha," dziwani kuti dzuwa lipendeka asanafike pa mawu achiwiriwo. Abwere wa kuchimuna, abwere wa kuchikazi, abwere wa kuntchito, abwerenso wina amene palibe wamupempha, injini ili pomwepo, ikungonong'ona osasuntha.

Kunyumba moyo unali wabwino, wopanda phokoso. Ana anakula n'kupita kwawokwawo. Akazi awo ankasoka mayunifolomu a ana asukulu pakhonde, tepi ili m'khosi, singano yapini ili pakamwa, ndipo pakamwa pomwepo ndi pamene pankatuluka zoseketsa za m'nyumba imene ija. Galimoto ija ankaitchula kuti mkazi mnzawo.

"Wadzuka bwanji mkazi mnzanga lero?" ankafunsa madzulo, akuthira tiyi. "Mwamusambitsa? Mwamudzoza? Ine ndinakupemphani kuti mundikonzere alumali, chaka chikutha."

Koma kukwera ayi. Zaka zonsezi anali asanapondemo. Achifatse akawapeza pamsewu atasenza mpukutu wa nsalu n'kuima kuti awatenge, mayiwo ankangokupiza dzanja. "Pitani, pitani, bambo. Nthawi yanga sinakwane." Achifatse ankaseka n'kupitiriza, ndipo nthawi zina mayiwo ndi amene ankayamba kufika kunyumba.

Matenda anayamba pang'onopang'ono. M'mawa galimoto inayamba kumatsokomola isanavomere kulira. Ikaima inkanjenjemera mpaka makatani kumagwedezeka. Petulo inkamwa ngati yabooka, ndipo amayi oyenda pambuyo anayamba kumatseka mphuno ndi mipango chifukwa cha utsi. Achifatse anaona zonsezi, ndipo mankhwala awo anali kuwonjezera chikondi chomwecho: ankailiza m'mawa kwambiri, ankaisiya ikung'ung'udza nthawi yaitali kuposa kale, ankaiyendetsa mofatsa kuposa kale.

Manda a m'tauniyi ali pamwamba pa chitunda. Si chitunda choopsa, ana amakwera pa njinga. Koma tsiku lina masana, ali pakatikati penipeni, bokosi lili kumbuyo, anthu akuimba, galimoto inatsokomola, inagwedezeka, kenako zii. Achifatse anakoka buleki ya dzanja n'kupotoza kiyi. Khwe-khwe-khwe. Phokoso lomwe lija limene ankadana nalo, lero likuchokera m'manja mwawo. Nyimbo inaduka. Amuna anavula majekete n'kuyamba kukankha, wina akuti "Tiyeni nayo!" ngati akukankha lole ya mchenga. Mwana wamkazi wa malemuyo anayang'ana Achifatse kudzera pawindo, osanena kanthu. Bola akanawatukwana.

Bwana sanakuwe. Anawaitanira mu ofesi n'kutseka chitseko.

"Madala, ine ndimakulemekezani," anatero. "Koma anthu sabwera kwa ife kuti adzakankhe m'bale wawo. Ikazimanso ili ndi munthu m'katimo, ipita kwa ogula zitsulo. Ndipo ikabwera ina yatsopano, ya mabatani ija, sindikulonjezani kuti kiyi adzakhala wanu."

Achifatse anangoti zyoli, chipewa chili m'manja. Anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti aipititse kwa alamu awo.

Alamuwo, mlongo wa akazi awo, anali makanika, ndipo galaja yawo inali kuseri kwa malo omwetsera mafuta: denga la malata, dzenje la simenti, matayala akutha ataunjikidwa pakona, wayilesi yopanda chivindikiro ikulira pa shelefu. Anali munthu wamfupi, wapakamwa ngati mlongo wawo yemwe. Ataona galimoto ikulowa anagwira pamtima.

"Alamu, mwabwera kudzanditenga? Ine ndidakali bwinobwino!"

"Siyani nthabwala, alamu. Yandichititsa manyazi."

Makanikayo anatsegula boneti, anamvetsera kaye injini, kenako anaizimitsa n'kumasula pulagi imodzi. Anaikweza m'mwamba kuti aone bwino. Inali bii ngati kunsi kwa mphika. Anamasula ina, chimodzimodzi. Anachotsa paipi yolowetsa mpweya, anapisa chala, n'kuchitulutsa chili ndi phala lakuda lonanda.

"Eee, chikomekome cha mkuyu!" anatero. "Kunjaku munthu n'kumetera ndevu, m'katimu muli khitchini ya nkhuni. Uwu ndi mwaye, alamu. Ife timati kaboni. Wadzaza mapulagi, wamata mavalavu, injini ikupuma ngati munthu wa chifuwa."

"Mwaye uchokera kuti? Galimoto iyi ndimaisamala kuposa mmene ndimadzisamalira ine."

"Uchokera kwa inu nomwe. Mukuikumbukira nyali ya palafini? Chingwe chikamayaka mofooka, galasi limada. Injininso ndi moto. Petulo akapsa bwino, ndi mpweya wokwanira, injini itatentha, zotsala zimatulukira ku ekizozi. Koma ikamangolira itaima, kapena kuyenda timaulendo ta apa ndi apo, sitentha mokwanira. Petulo amapsa mwatheka, zotsalazo zimakakamira m'katimo, lero pang'ono, mawa pang'ono. Tandiuzani, oyilo munasintha liti?"

"Makilomita ake sanakwane."

"Akwana bwanji poti simupita kulikonse? Injini ikamalira itaima, oyilo akugwira ntchito, koma mita ili phee. Inu muziwerenga miyezi. Nanga fyuluta ya mpweya iyi? Taonani, mungadzalemo tomato. Nanga mafuta mumathira kuti? Musamathire a m'zigubu za m'mbali mwa msewu, simudziwa zimene asakanizamo."

Anagwira ntchito tsiku lonse, Achifatse atakhala pa tayala akuyang'anira ngati munthu wodikira wodwala. Makanikayo anaika mapulagi atsopano, anasintha oyilo ndi mafyuluta, anatsuka njira ya mpweya, anapala mwaye ponse pamene bulashi inafika. Dzuwa litapendeka anapukuta manja n'kunena mawu amene Achifatse sanawayembekezere.

"Ine ndachotsa zimene manja anga afikira. Zotsalazo iwotcha yokha, koma iyenera kuthamanga. Muitengere ku msewu waukulu, yopanda kanthu, ilowe magiya onse, itenthe mpaka ituluke thukuta. Sindikunena zopenga ayi, liwiro lomwe lalembedwa pa zikwangwani likwanira. Muzitero sabata iliyonse. Ndiponso zomailiza itaima zija musiye."

"Galimoto ya maliro ithamange?" Achifatse anaimirira. "Anthu anena chiyani? Ati ndikuthamangira kukasaka makasitomala!"

"Ndiye ndipatseni kiyi, ndiithamangitse ine."

"Chiwongolero ichi sichidziwa manja ena."

"Ndiye konzekerani kukankhidwa, alamu, chifukwa mwaye ubwereranso."

Anayesa, tisawanamizire. Loweruka lina anatuluka okha mpaka ku msewu waukulu, analowetsa giya yachitatu. Thalakitala yokoka njerwa inawapitirira, woyendetsa wake atavula chipewa mwaulemu. Phazi lawo linakana kutsika. Zaka zonse za mazira ndi mabokosi zinali zitakhala m'bondo limenelo. Atabwerera, alamu awo anayang'ana ku ekizozi, anamvetsera injini, n'kupukusa mutu. "Mwaipititsa kokayenda kapena kokaothera dzuwa?"

Sabata yomweyo kunagwa zovuta. Anamwalira wosoka nsapato amene ankakhala pansi pa mtengo pageti la kampani, mnzawo wa Achifatse wa zaka zambiri. Ndi amene ankamwa naye tiyi m'mawa, ndi amene ankawapolishira nsapato zakuda za kuntchito uku akuwauza nkhani za mpira. Ana ake anabwera ku ofesi n'kunena kuti bambo awo ankanena kawirikawiri kuti adzawanyamule Achifatse, osati wina. Maliro anali oti aikidwa ku manda a pachitunda aja, akafika achibale akutali.

Achifatse chakudya chinawakanika. Galimoto inali itayamba kulira bwinoko, koma m'mawa inkatsokomolabe, ndipo iwo akatseka maso ankaona amuna akuvula majekete, mnzawo ali kumbuyo. Ntchito ikanatha, akanapirira. Koma kuti munthu amene anawasankha yekha akakwere chitunda chake chomaliza mokankhidwa, zimenezo zinkawawawa mpaka m'mafupa.

M'mawa wa tsiku loti mawa lake ndi maliro, akupukuta galimoto pabwalo la kampani, anamva mlonda akupereka moni pageti. Atatembenuka anaona akazi awo, atavala diresi la buluu limene ankalisungira maukwati, chikwama chili m'khwapa. Mayiwo sanapereke moni. Anazungulira galimoto, anatsegula chitseko cha kutsogolo, anakhala pampando, n'kumanga lamba.

"Mayi, kwagwanji?" Achifatse anafunsa, nsanza ili m'manja.

"Achimwene andiuza zonse. Lowani muyendetse."

"Si inu mumati nthawi yanu sinakwane?"

"Ya kumbuyoko sinakwane. Ino ndi ya kutsogolo. Tiyeni, ndasiya mayunifolomu a eni ake pamakina."

Anatuluka m'tauni mwa masiku onse, anthu akupatuka, ena akuvula zipewa. Atafika pa msewu waukulu, pamene nyumba zimathera, Achifatse analowetsa giya yachitatu n'kukhazikika.

"Ndiye mwathamangatu apa?" anafunsa mayiwo. "Makina anga osokera amathamanga kuposa apa. Pondani, bambo."

"Ndaponda."

"Mwaponda chiyani, dzira? Mazira anatha kalekale, famu inatsekedwa. Pondani!"

Anaponda. Galimoto inachita ngati yadabwa, inatsamwa, kenako kumbuyo kunatuluka chiutsi chakuda chili tolotolo, moti bambo wina wa panjinga anaima n'kutsika. Giya yachinayi inalowa mouma, ngati chitseko cha chipinda chimene sichitsegulidwa. Injini inakweza mawu. Makatani oyera aja anayamba kuuluka kumbuyo.

"Ilipo inanso, ndaiona pa chithunzipo," anatero mayiwo akuloza ndodo ya magiya. "Kapena imeneyo mukusungira alendo?"

Inalowa yachisanu. Mitengo inayamba kubwerera m'mbuyo mwa changu chimene Achifatse anali asanachionepo ali pa chiwongolero. Anali asanapyole n'komwe liwiro la pa zikwangwani, koma kwa iwo linali la mtondo wadooka. Patsogolo panaoneka thalakitala ya njerwa yomwe ija. Anayang'ana kutsogolo, msewu uli mbee, anayatsa indiketa, n'kuipitirira. Woyendetsa uja anayamba kuvula chipewa, koma ataona mayi wa diresi la buluu akumubayibitsa pawindo, anangotsala kukamwa kuli yasa, chipewa chili m'malere.

Ndi pamene Achifatse anazindikira kuti akuseka. Ankaseka ngati mwana, misozi ikulengeza, manja atagwira chiwongolero zolimba. Anayang'ana pa galasi: utsi unali utachepa, wayamba kutuwa. Atayenda mtunda wina wautali anayang'ananso, osaonanso kanthu. Kunjenjemera kuja kunali kutatha, ndipo injini inkalira mawu amodzi osalala amene iwo anali atawaiwala.

Anakaima patali, pa kasitolo ka m'mbali mwa msewu, n'kugula zakumwa zozizira. Palibe galimoto ina imene inayerekeza kuima pafupi nawo, choncho mthunzi wonse unali wawo. Anakhala pa benchi, boneti ikuthetheka ndi kutentha.

"Amayendetsa bwino amuna anga," anatero mayiwo, akuyang'ana botolo lawo. "Zaka zonsezi ndimangomva kwa anthu."

Achifatse anayang'ana kumbali. Anali ndi manyazi ngati mnyamata wofunsira mbeta.

"Mukudziwa chimene ndabwerera?" anapitiriza mayiwo. "Dzulo ndinakhala ndi mkazi wa mnzanu uja. Akuti chimene chikumutonthoza n'choti amuna ake anyamulidwa ndi munthu wowadziwa. Ndiye ndinaganiza, inenso tsiku langa likadzafika, ndikufuna mudzandiyendetse inuyo, mu imeneyi. Koma isadzandizimire pachitunda anthu n'kumandikankha ngati wilibala. Ine zimenezo ayi."

Achifatse anafunsa, "Nanga ndikadzatsogola ine?"

"Ndidzakhala pampando womwewu, kumuuza woyendetsayo kuti asakugwedezeni. Malizani chakumwacho, tibwerere. Pobwerera musandichititsenso manyazi ndi mathalakitala."

Tsiku la maliro Achifatse anaimika galimoto panja pa tchalitchi n'kuizimitsa. Dzanja linkawayabwa kuti apotoze kiyi, koma analipinda m'khwapa. Analankhula wa kuchimuna, analankhula wa kuchikazi, analankhula wa mawu awiri okha, injini ili chete. Bokosi litalowa, abusa atanena ameni, Achifatse anadikira kuti nyimbo iyambe, n'kupotoza kiyi. Inalira kamodzi n'kamodzi, mofewa, moti oyandikira okha ndi amene anamva.

Anayenda monga mwa masiku onse, giya yoyamba, giya yachiwiri, anthu akuimba pambuyo. Bwana anali m'gulumo, alamu awo analinso momwemo atavala jekete yowathina. Atafika patsinde pa chitunda, Achifatse anagwira chiwongolero zolimba. Anapondako pang'ono. Galimoto inakwera, inafika pakatikati paja pamene inawachititsa manyazi, inapitirira osatsokomola, nyimbo osaduka, mpaka pageti la manda. Anakoka buleki ya dzanja, anazimitsa injini, n'kukhala kaye kanthawi asanatsike.

"Tafika, achimwene," ananena chapansipansi, akuyang'ana pa galasi la kumbuyo. "Palibe wakukankhani."

Mpaka lero Achifatse adakali pa ntchito yawo, ndipo m'kati mwa sabata palibe chasintha: mukakumana nawo pamsewu mutha kutsika njinga, kuvula chipewa, kuvalanso, iwo asanakudutseni. Alumali ija sanaikonzebe. Koma Loweruka m'mawa, ngati kulibe maliro, makina osokera salira pa nyumba ya chitseko chobiriwira. Oyandikana nawo anazolowera, sathamangiranso kudzafunsa kuti kwagwanji akaona galimoto yakuda itaima pamenepo. Mayi amatuluka ndi chikwama chawo m'khwapa, akudandaula kuti mkazi mnzawo wachedwa. Achifatse amatsika, amazungulira mosafulumira, n'kuwatsegulira chitseko cha kutsogolo.